NTHAMBO IMODZI YONYAMULA UTHENGA NDI MAGETSI

Phunziro lathu la lero liri pa kabokosi kacitsulo kamene ambiri a inu simunakaonepo, ngakhale kuti kamapezeka m'mafakitale, m'migodi ndi m'nyumba zopoperamo madzi m'maiko ambiri. Kukula kwace sikuposa buku lalikulu lotanthauzira mau. Nchito zace ndi ziwiri: kulumikiza makina kuti azitumizirana uthenga, ndi kupatsa zipangizo zing'onozing'ono magetsi kudzera m'nthambo yomweyo imene uthengawo uyendamo. Amisiri amakachula kuti swichi ya PoE. Zilembo zitatuzi ziimira mau a Cingerezi akuti Power over Ethernet, ndiko kunena kuti magetsi oyenda m'nthambo za Ethernet. Musaisokoneze ndi swichi ya pa khoma yoyatsira getsi. Dzina lokha ndilo lifanana.

Tidzaona m'mene nthambo imodzi ikhozera kunyamula zinthu ziwiri osazisakaniza, ndiponso cifukwa cace mmisiri amene aika zipangizo zambiri pa kabokosi kamodzi ayenera kuyamba wawerengera bwino masamu ace.

ZOSOWA ZIWIRI

Ganizirani za cigayo ca pa mgodi wa mkuwa, kumene miyala iphwanyidwa ndi kuperedwa kufikira isanduka ufa. Kuonjezera pa mamota akuluakulu, pamalo potere pali zipangizo zing'onozing'ono zambiri: makamera oyang'ana lamba wonyamula miyala, matelefoni a anchito, zokuzira mau zocenjeza anthu pa ngozi, timabokosi ta Wi-Fi, ndi zowerengera makadi a anchito pa cipata. Ciri conse ca izi cisowa zinthu ziwiri: magetsi ogwirira nchito, ndi njira yotumizira uthenga ku cipinda ca oyang'anira.

Kale cipangizo ciri conse cinafuna nthambo ziwiri. Ina inali ya uthenga. Inayo inali ya magetsi a mavolti 230, ndipo imeneyi inafuna mmisiri wa magetsi, paipi yoitetezera, soketi, ndi kabokosi kotsitsa mavolti. Kamera ikakhala pamwamba pa nsanamira yacitsulo kapena kudenga kwa cigayo, ndalama zofikitsira magetsi kumeneko nthawi zina zinaposa mtengo wa kamera yeniyeniyo. Ndiponso pamene pali soketi pali ciyeso: wina amazula pulagi kuti achaje foni yace, kamera nizima, osadziwika kwa ali yense kufikira tsiku la ngozi.

WOYANG'ANIRA MAKINA NDI MSEU WACE

Mtima wa fakitale ya makono ndi kompyuta yolimba yochedwa PLC. Imeneyi imawerenga zimene zopimira ziiuza, monga kutentha, kulemera kwa katundu, kapena msinkhu wa madzi m'thanki, nilamula mamota ndi mavalavu kuti ayambe kapena aime. Mu 1968 kampani yopanga magalimoto ya General Motors ku America inapempha akatswiri kuti apeze colowa m'malo mwa makabati odzala ndi ma-relay, amene anafunika kumangidwanso waya ndi waya nthawi iri yonse mtundu wa galimoto ukasintha. Gulu la Dick Morley pa kampani ya Bedford Associates ku Massachusetts linayankha ndi makina ochedwa Modicon 084. Mu 1979 kampani ya Modicon inatulutsa Modbus, ndiwo malamulo a kalankhulidwe amene makina otere amamvanirana nao.

Mseu umene uthengawo uyendamo masiku ano kawirikawiri ndi Ethernet. Anaiyamba ndi Robert Metcalfe ndi anzace pa kampani ya Xerox ku Palo Alto, California, mu 1973. Poyamba makompyuta onse anagawana nthambo imodzi yaikulu. Kuyambira mu 1990 kunafala njira imene tiiona lero: cipangizo ciri conse cikhala ndi nthambo yaceyace yopita ku kabokosi ka pakati. Kabokosi koyambako kanachedwa habu. Habu inali ngati munthu wofuula pa msika: uthenga ukalowa pa khomo limodzi, iyo inaubwereza pa makomo onse, ndipo makina awiri akalankhula pa nthawi imodzi mau ao anagundana, nayenera kunenedwanso. Swichi iri ngati kalaliki wa ku positi ofesi. Imaphunzira keyala ya cipangizo ciri conse, nipereka uthenga kwa mwini wace yekha. M'fakitale, m'mene lamulo loimitsa lamba siliyenera kucedwa, swichi inalanda malo a habu, ngakhale kuti ena akali kuichula ndi dzina lakalelo. Lero Modbus iyenda pa Ethernet pamodzi ndi malamulo ena onga PROFINET ndi EtherNet/IP.

NZERU YOCOKERA KU LAMYA

Kutumiza magetsi ndi uthenga m'nthambo imodzi si nzeru yatsopano ai. Funsani makolo anu za lamya ya nthambo: magetsi akazima m'nyumba, iyo inali kulira ndithu. Cifukwa cace ndi cakuti ku nyumba yolumikizira matelefoni kunali mabatire akuluakulu a mavolti 48, ndipo mphamvu yao inayenda m'mawaya awiri omwewo amene ananyamula mau. M'zipinda zoulutsiramo mau pa wailesi mulinso cinthu cofanana. Mu 1966 kampani ya Neumann ya ku Berlin inapangira nyumba ya wailesi ya dziko la Norway maikolofoni olandira mavolti 48 kudzera m'nthambo ya mau, ndipo njira imeneyi ikali kugwira nchito kufikira lero.

Pamene matelefoni a m'maofesi anayamba kulumikizidwa ku Ethernet, mwai wakale uja unatayika: telefoni iri yonse inasowa soketi yace. Mu 2000 kampani ya Cisco inayamba kugulitsa maswichi opatsa matelefoni ace magetsi, makampani enanso nakonza njira zaozao zosamvana. Bungwe la akatswiri la IEEE linathetsa cisokonezoci mu 2003 polemba lamulo limodzi la onse, lochedwa 802.3af. Kucokera m'maofesi, nzeruyi inalowa m'mafakitale.

M'KATI MWA NTHAMBO

Aphunzitsi amene angapeze kacidutswa ka nthambo ya Ethernet akasende pamaso pa kalasi. Mudzaona mawaya a mkuwa asanu ndi atatu, opotedwa awiriawiri monga cingwe ca khonje. Motero muli magulu anai, liri lonse la mawaya awiri.

Uthenga suwerengedwa pa waya mmodzi payekha. Cipangizo colandira cimayang'ana kusiyana kwa mphamvu pakati pa mawaya awiri a gulu limodzi. Tiyerekeze kuti anthu awiri ali m'bwato, ndipo inu muli pa gombe. Mwapangana kuti dzanja la woyamba likakwera kuposa la mnzace ndiye kuti inde, likatsika ndiye kuti iai. Mtsinje ukadzala, bwato lidzakwera pamodzi ndi anthu onse awiri, koma kusiyana kwa manja ao sikudzasintha, ndipo inu mudzawerengabe uthenga molondola. Magetsi a PoE ali ngati kudzala kwa mtsinjewo: amakweza mawaya onse awiri mofanana. Kupota kuja kuthandizanso mwa njira yomweyi. Cisokonezo ca magetsi cocokera ku mamota cigwera mawaya onse awiri mofanana, motero sicisintha kusiyana kwao.

Nanga magetsiwo alowa bwanji? Kumapeto kwa gulu liri lonse kuli thiransifoma yaing'ono kwambiri. Thiransifoma imadutsitsa magetsi osinthasintha okha, ndipo uthenga ndi wotero, pakuti usintha nthawi mamiliyoni ambiri pa sekondi imodzi. Magetsi a PoE ndi onga a m'batire, oyenda njira imodzi yokha, cotero sadutsa kukafika ku zowerengera uthenga. Swichi imawalowetsa pakati penipeni pa waya wokulungidwa wa thiransifoma. Pamenepo agawika pawiri, theka m'waya uyu, theka mwa winayo, nakakumananso pakati pa thiransifoma ya tsidya lina, pamene cipangizo cimawatenga. Pobwerera adzera m'gulu lina mwa njira yomweyo.

Pa Ethernet ya liwiro la mamegabiti 10 kapena 100 pa sekondi, magulu awiri okha ndiwo anyamula uthenga, ndipo magetsi akhoza kudzera m'magulu awiri otsalawo. Pa liwiro la mamegabiti 1,000 magulu onse anai ali pa nchito. Palibe waya wopumula, ndipo magetsi ayenera kuyendera limodzi ndi uthenga monga tafotokozera.

KUYAMBA NDI ODI

Pano pabuka funso lalikulu. Makomo onse a swichi afanana, ndipo munthu akhoza kulumikizako kompyuta imene siinapangidwe kuti ilandire magetsi m'nthambo ya uthenga. Kodi siidzapsa?

Yankho ndi lakuti swichi yotsata lamulo siipereka magetsi isanafunse, monga mlendo waulemu salowa m'nyumba asananene odi ndi kumva yankho. Coyamba imatumiza mphamvu yocepa, yosapitirira mavolti 10, nipima kukaniza kwa cimene ciri kumapeto kwa nthambo. Kukaniza ndiko kuuma kwa njira ya magetsi, ndipo timakupima ndi ma-ohm. Cipangizo ciri conse copangidwira PoE cimaonetsa ma-ohm 25,000 kapena pafupi pamenepo. Swichi ikapeza cizindikiro cimeneci idziwa kuti yayankhidwa. Ikapanda kucipeza, khomolo linyamula uthenga wokha, ndipo kompyuta ija siibvutika.

Caciwiri swichi ifunsa kuculuka kwa mphamvu yofunika. Imakweza mavolti kufika pakati pa 15 ndi 20, ndipo cipangizo cimayankha mwa kukoka magetsi a muyeso wodziwika, umene usonyeza giredi yace. Magiredi ayambira pa mawati 4 kufikira pa mawati 90. Swichi ikaona kuti iri nayo mphamvu yokwanira giredi imeneyo, ndipo itsegula magetsi onse. Zonsezi zitha m'kanthawi konga ka sekondi imodzi.

Ngakhale itatsegula, swichi siileka kuyang'anira. Nthambo ikazulidwa, magetsi okokedwa amatsika, ndipo swichi imatseka khomolo theka la sekondi lisanathe, kuopa kuti wina angalumikizepo cinthu cosayenera. Mawaya akakhudzana, imatseka khomo lokhalo, ena onse napitiriza nchito.

Koma cenjerani. M'masitolo muli mabokosi ena ochipa amene amangothira mavolti 24 kapena 48 m'nthambo popanda kufunsa. Amenewa agwira bwino pa zipangizo zimene anapangidwira, koma akalumikizidwa ku cipangizo cina akhoza kucitentha. Wogula ayang'ane ngati pa bokosi palembedwa 802.3af, 802.3at kapena 802.3bt.

MASAMU A M'NJIRA

Malamulo atatuwo asiyana pa mphamvu. La 2003, ndilo 802.3af, lilola swichi kutulutsa mawati 15.4 pa khomo limodzi, koma lilonjeza cipangizo mawati 12.95 okha. La 2009, ndilo 802.3at, litulutsa 30 nililonjeza 25.5. La 2018, ndilo 802.3bt, ligwiritsa nchito magulu onse anai a mawaya, ndipo lifika pa mawati 90 potuluka ndi 71.3 pofika. Kodi otsalawo apita kuti?

Asanduka kutentha m'nthambo. Tengani mapensulo anu. Kumbukirani kuti mavolti apima kukankha kwa magetsi, ma-ampeya apima kuculuka kwa magetsi oyenda, ndipo mavolti kuculukitsa ndi ma-ampeya atipatsa mawati. Mphamvu yotayika m'waya ipezeka poculukitsa ma-ampeya ndi ma-ampeya omwewo, ndi kuculukitsanso ndi ma-ohm a wayayo. Lamulo la 2003 linawerengera nthambo ya mamita 100 yokhala ndi ma-ohm 20, ndi magetsi a ma-ampeya 0.35. Tsono 0.35 kuculukitsa ndi 0.35 ndi 0.1225, ndipo kuculukitsa ndi 20 tipeza mawati 2.45. Cotsani 2.45 pa 15.4. Yankho ndi 12.95, monga lamulo linenera.

Masamu omwewa atiuza cifukwa cace akatswiri anasankha mavolti ozungulira 48, osati 12 a batire ya galimoto. Mavolti akacepa kanai, ma-ampeya ayenera kuculuka kanai kuti mawati akhale omwewo, ndipo kutentha kotayika kuculuka ka 16. Mawati 2.45 aja akanakhala 39.2, kuposa mphamvu yonse imene swichi itulutsa. Ndiko kunena kuti sizikanatheka. Ndi cifukwa comweci Zesco itumiza magetsi a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge pa mavolti 330,000. Nanga bwanji PoE siikwera koposa? Lamulo liimira pa mavolti 57, pakuti magetsi onga a m'batire osafika pa mavolti 60 amayesedwa osaopsa kwa munthu pamalo ouma.

Masamu onsewa adalira zinthu ziwiri: nthambo isapitirire mamita 100, ndiponso ikhale ya mkuwa weniweni. Pa msika pali nthambo zochipa zimene mawaya ace ndi a aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba cabe. Aluminiyamu adutsitsa magetsi pafupifupi magawo 61 pa 100 a m'mene mkuwa udutsitsira. Uthenga ukhoza kuyenda ndithu, mmisiri nakhulupirira kuti zonse ziri bwino. Koma mavolti atsika panjira, kamera izima ndi kuyaka yokha, ndipo nthambo zambiri zikamangidwa mtolo umodzi m'paipi, za pakati zitentha kwambiri. Kuyesa kwace nkosabvuta: palani waya ndi mpeni, akayera m'kati, si mkuwa. Kwa ife a dziko lokumba mkuwa, m'mene kampani ya Zamefa ku Luanshya, yokhazikitsidwa mu 1968, ipanga waya ndi nthambo za mkuwa, kungakhale kocititsa manyazi kunyengedwa ndi maonekedwe a pamwamba.

KUSIYANA KWA SWICHI YA M'FAKITALE

Swichi ya mu ofesi ikhala m'cipinda coyera ndi cozizira. Ya m'fakitale ikhala m'kabati yacitsulo, pakati pa fumbi, kutentha ndi kugwedeza kwa makina, ndipo iyembekezeka kugwira nchito usana ndi usiku kwa zaka zambiri. Motero kapangidwe kace ndi kena.

Kawirikawiri iribe fani, pakuti fani ikoka fumbi ndipo ndiyo imayamba kufa. Kutentha kutulukira m'thupi lace lacitsulo. Zambiri zinapangidwa kuti zipirire kuyambira madigiri 40 pansi pa ziro kufikira madigiri 75. Musayese kuti 75 ndi kupambanitsa: kabati yotsekedwa yokhala padzuwa m'mwezi wa Okutobala itentha kwambiri koposa mpweya wa kunja. Swichiyi imakolekedwa pa kanjanji kacitsulo ka mamilimita 35, kochedwa DIN, pambali pa PLC. Pamalo a madzi kapena ogwedezeka kwambiri, kapulagi kapulasitiki kamalowedwa m'malo ndi columikizira cacitsulo comanga mopotera, cochedwa M12.

Makabati ambiri a m'fakitale ali ndi magetsi a mavolti 24, amene sakwanira PoE. Cifukwa ca ici maswichi ena ali ndi cokwezera mavolti m'kati mwao. Pamenepa mmisiri akumbukire kuti mawati 120 pa mavolti 24 ndi ma-ampeya 5, osawerengera zotayika, ndi kuti gwero la magetsi la m'kabatimo kawirikawiri lidyetsanso PLC. Akalisenzetsa katundu woposa mphamvu yace, si makamera okha amene adzazima.

Polowera magetsi pamakhala pawiri, kuti gwero limodzi likalephera linalo ligwire, ndipo swichi itumiza cenjezo kwa oyang'anira. Maswichi amalumikizidwanso mozungulira ngati mkombero, kuti nthambo ikaduka pamalo amodzi uthenga uzungulire mbali inayo. Njira yochedwa MRP icita zimenezi m'mamilisekondi 200, ndiwo gawo limodzi la magawo asanu a sekondi.

Pakati pa nyumba ndi nyumba, kapena pa mtunda woposa mamita 100, amisiri amayala nthambo ya galasi yonyamula uthenga mwa kuwala. Imeneyi siinyamula magetsi, cotero swichi ya kumapeto kwace isowa gwero lacelace. Koma siinyamulanso mphezi. M'nyengo ya dzinja, mphezi ikagwa pafupi, nthambo ya mkuwa yopita ku kamera ya pa nsanamira ikhoza kutengera mphamvuyo m'kabati ndi kuononga zonse za m'menemo. Nthambo ya mkuwa iri yonse yoturukira kunja isowa coteteza ku mphezi, comangidwa bwino ku waya wa m'nthaka.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Ubwino waukulu wa PoE ndi wakuti magetsi onse acokera pamalo amodzi. Batire imodzi m'kabati isunga makamera, matelefoni ndi zokuzira mau zonse pamene magetsi azima. Amene anaona kuzima kwa magetsi kwa maola ambiri mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, adziwa kufunika kwace kwa zimenezi. Ndiponso pa swichi yolamulika ndi kompyuta, kamera ikaleka kuyankha, woyang'anira akhoza kuzimitsa khomo lace ndi kuliyatsanso ali khale m'cipinda cace, popanda wina kukwera makwerero usiku.

Koma ubwino womwewo ndiwo ubala ngozi. Swichi iri yonse iri ndi malire a mphamvu ya makomo onse pamodzi, ndipo malirewo kawirikawiri acepa kusiyana ndi m'mene wogula aganizira. Tiyerekeze swichi ya makomo 8, liri lonse lokhoza mawati 30, koma malire ace ndi mawati 120. Makomo 8 kuculukitsa ndi 30 ndi 240. Ndiko kunena kuti ikhoza kudyetsa zipangizo zinai zokha za mawati 30. Maswichi ena amagawa mphamvu monga mwa giredi ya cipangizo, ndipo amakana msanga cimene sangacikwanitse. Ena amagawa monga mwa zimene cipangizo cikoka pa nthawiyo. Pa swichi ya mtundu waciwiriwu, mmisiri wosawerengera akhoza kulumikiza makamera 8 masana, pamene iri yonse ikoka mawati 10. Onse ayaka, iye nanyamula zida zace kupita kwao. Usiku makamera ayatsa nyali zao zoonera mumdima, iri yonse nikoka mawati 20. Tsopano afuna 160, ndipo swichi iyamba kutseka makomo. Malowo akhala akhungu pa nthawi imene asowa maso koposa.

Mmisiri wanzeru acita zinthu zinai. Aonkhetsa mawati apamwamba penipeni a cipangizo ciri conse, osati a masana okha. Asiya mpata woonjezera pamwamba pa ciwerengeroco. Auza swichi makomo oyenera kukhala omariza kutsekedwa, monga a telefoni ya pa ngozi ndi a cokuzira mau. Ndipo zipangizo zofunika kwambiri azigawa pa maswichi awiri, kuti imodzi ikafa malo onse asakhale cete.

Pali zinanso zimene PoE siinapangidwire. Mawati 90 sangazunguze mota ya cigayo kapena ya mpope waukulu. Ma-PLC ambiri akhala ndi gwero laolao la magetsi. Koposa zonse, batani loimitsira makina pa ngozi liyenera kumangidwa motero kuti nthambo ikaduka, kapena swichi ikafa, makinawo aime okha. Moyo wa wanchito woima pambali pa lamba suyenera kusiyidwa m'manja mwa kabokosi kamodzi.

MAWAYA AWIRI OKHA

M'mafakitale a mankhwala ndi oyengera mafuta, zopimira zambiri zakhala zikugwira nchito kwa zaka zambiri ndi mawaya awiri okha, onyamula magetsi a mamiliampeya 4 kufikira 20. Magetsi omwewo adyetsa copimira, ndipo kuculuka kwao ndiko uthenga: 4 akhoza kutanthauza thanki yopanda kanthu, 20 thanki yodzala, ndipo 0 aulula kuti waya waduka. Njira imeneyi ndi yodalirika, koma mwa iyo yokha inyamula nambala imodzi cabe.

Mu 2019 bungwe la IEEE linabvomereza lamulo la 802.3cg, lolola Ethernet ya mamegabiti 10 kuyenda mamita 1,000 pa gulu limodzi la mawaya awiri, pamodzi ndi magetsi. Pa maziko amenewa panamangidwa Ethernet-APL, yoikidwa m'malo m'mene kamoto kakang'ono kothetheka kakhoza kuyatsa mpweya woyaka; m'menemo mphamvu imacepetsedwa dala kuti isathe kuyatsa moto. Motero copimira ca kutali cikhoza kunena nambala yace, ndi kuululanso ngati ico comwe cayamba kuonongeka.

MAU OMARIZA

Taphunzira kuti uthenga ndi magetsi ziyendera limodzi cifukwa uthenga uwerengedwa pa kusiyana kwa mawaya awiri, pamene magetsi akweza onse awiri mofanana. Taphunzira kuti swichi yabwino ifunsa isanapereke. Taonanso kuti gawo la mphamvu litayika m'njira, ndi kuti kusonkhanitsa magetsi pamalo amodzi kufuna mkuwa weniweni, masamu oona, ndi njira yaciwiri yothawira. Inu amene mufuna kudzakhala amisiri m'migodi ndi m'mafakitale athu, zindikirani kuti masamu amene tacita lero ndi omwewo a m'kalasi lanu, ndipo tsiku lina anzanu a pa nchito adzadalira yankho lanu.

Nawa mafunso oti mukambirane ndi aphunzitsi anu.

1. Lamulo la 802.3at liwerengera ma-ampeya 0.6 ndi ma-ohm 12.5. Pezani mawati otayika m'nthambo, ndipo muone ngati agwirizana ndi ziwerengero za 30 ndi 25.5.

2. Swichi ina iri ndi malire a mawati 240. Pa iyo alumikiza makamera 5 a mawati 30, matelefoni 6 a mawati 7, ndi timabokosi ta Wi-Fi 3 ta mawati 15.4. Kodi mphamvu ikwanira? Kodi mmisiri wanzeru angakhutire ndi mpata wotsalawo?

3. Fotokozani m'mau anuanu cifukwa cace kompyuta wamba siipsa ikalumikizidwa ku swichi yotsata lamulo la PoE.

4. Chulani zifukwa ziwiri zimene amisiri amasankhira nthambo ya galasi polumikiza nyumba ziwiri za pa mgodi.